Tsopano ana atuluke apite ku Sande sukulu

Pali mawu amene ndawamva Lamlungu lililonse kwa zaka zambiri moti ndikhoza kuwanena ndili m'tulo. Nyimbo yachiwiri ikangotha wotsogolera mapemphero amayandikira pa maiki nkunena kuti tsopano ana atuluke apite ku Sande sukulu, nde kumamveka tinsapato kuti kwakwata, mabenchi kukhuluzika, wina kulira poti sakufuna kusiyana ndi mayi ake, kenako chitseko phaa, m'tchalitchi zii. Akulu nkukhala bwinobwino ngati mapemphero enieni ayamba tsopano. Ineyo ndi amene ndimatuluka nawo anawo. Ndaphunzitsa Sande sukulu zaka 9 ndipo ntchitoyi ndimaikonda, musandimve molakwa, koma kuyambira chaka chatha chitseko chija chikamatsekeka kumbuyo kwathu mtima umandiwawa penapake.

Chinandiyambitsa ndi imfa ya agogo ena aamuna a mumpingo mwathu. Munthu ameneyu anakhala pa benchi imodzimodzi yakumanzere kuyambira ine ndisanabadwe, amafika woyamba kudzatsegula mawindo, ndipo akulu onse timadziwa kutsokomola kwake. Lamlungu lotsatira ndinauza kalasi yanga, ana a zaka 10 mpaka 12, kuti tipempherere banja la agogo aja. Mtsikana wina anakweza dzanja nkufunsa mwaulemu ndithu kuti aphunzitsi, agogo ake ati? Ndinafotokoza, ndinatchula benchi, ndodo yawo, jekete yawo yotuwa ija. Kalasi yonse kungondiyang'ana. Amene anawadziwa anali awiri basi, ndipo awiriwo anali adzukulu awo. Ana amene abwera pa tchalitchi chomwechi kuyambira ali kumsana sanamudziwe munthu amene amawatsegulira mawindo, chifukwa nthawi imene iye amakhala pansi iwo amakhala akutuluka, ndipo nthawi imene iye akutuluka iwo amakhala akuthamangitsana panja kudikira makolo.

Ndinapita kunyumba ndikuganiza za ubwana wanga. Ife Sande sukulu inkachitika mapemphero asanayambe, ikatha timalowa m'tchalitchi nkukhala mpaka amen womaliza, ufune usafune. Mayi anga anali a kwaya nde amakhala kutsogolo, ine amandisiya pafupi ndi agogo ena aakazi omwe sanali abale athu nkomwe. Agogowa anali ndi buku la nyimbo lothothoka chikuto, lomanga ndi kalamba, ndipo nyimbo ikayamba amandikokera pafupi nkumayendetsa chala chawo pansi pa mawu, mzere ndi mzere, osandiyankhula chilichonse. Ndikhoza kunena mosakayika kuti kuwerenga ndinakuzolowerera pa chala chimenecho ndisanakuzolowere kusukulu. Ndikayamba kugwedeza miyendo amangoika dzanja pabondo langa, lolemera, ndipo ndimadziwa kuti basi zakwana.

Tsiku lina, amuna awo atamwalira, tinkaimba nyimbo ina yonena za kukumananso kumwamba, nyimbo yomwe ndinali nditaiimba kambirimbiri ngati mmene mwana amaimbira chilichonse. Chala chinaima pakati pa mzere. Nditayang'ana mmwamba ndinaona misozi ikutsika koma pakamwa akuimbabe, mawu akunjenjemera koma osasiya. Ndinali ndi zaka mwina 8. Palibe anandifotokozera kanthu tsiku limenelo, koma ndinatulukamo ndikudziwa kuti mawu a m'buku lija munthu amatha kutsamirapo thupi lonse. Pa zaka 9 zanga zophunzitsa ndayesa ndi matchati, ndi timasewero, ndi zojambula zopaka utoto, sindinakwanitsepo kuphunzitsa mwana chinthu chimenecho.

Komanso ndisakometse zakale ngati kunalibe zowawa. Kunali kotopetsa, eee. Ulaliki umatalika mpaka umayamba kuwerenga malata a padenga, ndipo akulu ena anali aukali opanda chifukwa, mwana kungoyetsemula diso lofiira lakupeza kale. Anzanga ena anadana ndi tchalitchi chifukwa cha makonkho a pa benchi. Ndipo kugona pa ulaliki sikunayambe ndi ife, ku Machitidwe chaputala 20 kuli mnyamata Utiko amene anakhala pawindo ku Trowa, Paulo nkulalikira mpaka pakati pa usiku, mnyamata tulo nkumugwira, kugwa kuchokera pa nsanjika yachitatu. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa imandiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti alaliki akhala akutalikitsa kuyambira kalekale kkkk, komanso kuti mnyamatayo anali momwemo m'chipinda chimodzi ndi akulu, ndipo atagwa mlaliki yemweyo ndi amene anatsika kukamufungatira.

Zitandivuta mumtima ndinayamba kufufuza kuti kodi Sande sukuluyi inabwera bwanji, ndipo zomwe ndinapeza zinandidabwitsa. Dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Robert Raikes, mkonzi wa nyuzipepala ya Gloucester Journal ku England, yemwe cha mu 1780 anayamba kusonkhanitsa ana mu mzinda wa Gloucester tsiku Lamlungu. Ena anali atayamba kale iye asanatero, monga mayi Hannah Ball wa mpingo wa Methodist ku High Wycombe mu 1769, kungoti Raikes anali ndi nyuzipepala nde nkhani yake inafala, makamaka atailemba mu 1783. Koma taonani ana ake anali ndani. Anali ana osauka ogwira ntchito m'mafakitale, ambiri opanga mapini, masiku 6 pa sabata, opanda sukulu ina iliyonse, Lamlungu lokha ndi limene amamasuka nkumangoyendayenda m'misewu. Raikes analemba ntchito amayi angapo kuti aziwaphunzitsa kuwerenga, buku lake kukhala Baibulo ndi katekisimu, ndipo masana ake anawo amatengedwa kupita nawo ku tchalitchi. Mwamva pamenepo? Sande sukulu yoyambirira inali yotola ana amene anali kunja nkuwalowetsa m'kati. Ife tinaitembenuza, tikutenga ana amene ali kale m'kati nkuwatulutsa.

Ukabwerera m'mbuyo kwambiri upeza zomwezo. Martin Luther atayendera mipingo ya ku Saxony anakhumudwa kuona kuti anthu wamba, ngakhale abusa ena, sadziwa Malamulo Khumi kapena Pemphero la Ambuye, nde mu 1529 analemba Katekisimu Wamng'ono. Pamwamba pa zigawo zake analembapo kuti umu ndi mmene mutu wa banja aziphunzitsira a m'nyumba mwake mosavuta. Mawu amenewa sanalembere mphunzitsi wa kalasi ayi, analembera mutu wa banja. Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563 ali ndi mafunso 129 ndipo anagawidwa m'magawo 52 kuti mpingo wonse uzimva gawo limodzi Lamlungu lililonse chaka mpaka kutha, agogo ndi mdzukulu funso lomwelo tsiku lomwelo. Ngakhale aja anayamba kumanga zipinda za makalasi ku America anali ndi nzeru yomwe ife tinaitaya. Ku Akron, Ohio, cha m'ma 1870, Lewis Miller anakonza kamangidwe koti tizipinda ta makalasi tizungulire holo imodzi, tili ndi zitseko zokankha. Poyamba zitseko zonse zotsegula, onse pamodzi, kenako kutseka kalasi iliyonse iphunzire zake, pomaliza kutsegulanso. Ife zitseko zija tinangotsala ndi kutseka kokha.

Sindikunena kuti kugawa ana potengera msinkhu nkulakwa. Mwana wa zaka 4 sungamuyankhule ngati wa zaka 12, ndipo pali mafunso amene mwana sangafunse pamaso pa abusa koma kwa ine amafunsa bwinobwino, monga ngati galu wake adzapita kumwamba kapena chifukwa chani Mulungu sanachize mng'ono wake. Ola limenelo ndi lofunika. Chimene chimandidetsa nkhawa nchakuti olali lameza zonse. Makolo ena amandipatsa mwana pakhomo ngati mmene umasiyira foni kwa wokonza, ndidzaitenga ikatha. Mayi wina anandiuza poseka kuti aphunzitsi mwana wanuyu sadziwa kupemphera, mukumuphunzitsa chani, ine ndinangoseka nawo koma mumtima ndimawerengetsa, sabata ili ndi maola 168, ine ndimakhala naye ola limodzi, ndipo pa ola limenelo mphindi 15 zimathera kukhazika pansi anthu ndi kupukuta mphuno.

Baibulo lenilenilo likamakamba za kuphunzitsa ana kawirikawiri silionetsa kalasi. Ku Deuteronomo 6 akuti mawuwo muziwalankhula kwa ana anu mukakhala m'nyumba, mukamayenda panjira, pogona ndi podzuka, kutanthauza kuti paliponse pomwe moyo ukuchitika. Ku Yoswa 4 Aisraeli atawoloka Yordano anatola miyala 12 nkuimika, cholinga chake chinali choti tsiku lina ana adzafunse kuti miyala iyi ndi yachani, wamkulu apeze poyambira. Chimene ndimaona pamenepa nchakuti funso likuchokera kwa mwana, ndipo mwana amafunsa chinthu chomwe wachiona. Mwana amene sanaonepo mgonero wa Ambuye ukugawidwa, sanaonepo munthu wamkulu akubatizidwa, sanaonepo bambo ake atagwada, adzafunsa chani? Timamuyankha mafunso omwe sanafunse, nde nchifukwa chake mayankhowo amawaloweza bwino mpaka kuwina mphatso pa mpikisano wa mavesi koma akangotuluka pageti agwa m'thumba. Paulo polembera Timoteo sanatchule mphunzitsi aliyense wa paubwana wake, anatchula agogo ake Loisi ndi mayi ake Yunike. Ndipo Yesu ali khanda m'kachisi amene anamulandira anali nkhalamba ziwiri, Simeoni ndi Anna.

Pomwe zimaonekera poyera ndi pa zaka 13, 14. Mwana wamaliza Sande sukulu, timamuombera m'manja, kumupatsa satifiketi ndi Baibulo, nkumuuza kuti kuyambira sabata ya mawa uzikhala m'tchalitchi ndi akulu. Amalowa m'chipinda momwe nyimbo zake sazidziwa poti ife kunja timaimba zathu zamanja ndi zodumpha, sadziwa nthawi yoima ndi yokhala, ndipo choopsa kwambiri palibe wamkulu aliyense amene amamudziwa dzina kupatula makolo ake ndi ine, ine amene ndili panja ndi gulu lina. Akajomba masabata atatu palibe amazindikira. Ndili ndi mayina m'kaundula wanga wakale a ana omwe amakhoza mafunso onse, lero ndikakumana nawo amandipatsa moni mwaulemu kwambiri, aphunzitsi muli bwanji, koma ku tchalitchi anasiya. Sanakangane ndi aliyense, sanasiye kukhulupirira mwina, anangopeza kuti kulibe amene akuwadikira. Timathamangira kunena kuti ana a masiku ano ndi mafoni, koma foni imangolowa pampando womwe wasiyidwa opanda munthu.

Mbali ina yomwe sitimaikamba ndi ya akuluwo. Agogo ambiri mumpingo ana awo anasamukira kutali, adzukulu amawaona pa vidiyo kolo, ndipo Lamlungu ndi tsiku lokhalo lomwe akanagwira dzanja la mwana. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo talitchingira mpanda. Agogo ena aakazi anandiuza tsiku lina tikutuluka kuti mwananga, ine kulira kwa mwana m'tchalitchi sikundisokoneza, chimandisokoneza ndi chete uja, amandikumbutsa kunyumba kwanga. Ndinasowa choyankha.

Nde ndinapita nazo ku komiti. Sindinapemphe zazikulu, ndinapempha zinthu ziwiri, kuti Lamlungu limodzi pamwezi ana asatuluke, komanso kuti masabata enawo ndiziitana wachikulire mmodzi abwere ku kalasi adzakhale nafe. Zokambirana zinatenga miting'i itatu. Mkulu wa mpingo wina anati phokoso lichuluka, wina anati abusa ndiye azilalikira za ana zokhazokha ife tidye chani, mayi wina wachitsikana yemwe ali ndi ana atatu ang'onoang'ono ananena chilungamo chake kuti ola limenelo ndi lokhalo pa sabata yonse lomwe amakhala pansi popanda womukoka chovala, ndipo ine ndinamumvetsa kwambiri, sindingamuweruze. Yankho lake silinachokere kwa ine, linachokera kwa agogo aja odandaula za chete, anangoti ndiye mmodziyo muzindipatsa ine. Panabukanso nkhani ya chitetezo cha ana, ndipo iyi sitinaichite mwachibwana, chifukwa imvi si umboni woti munthu ndi wabwino. Tinagwirizana kuti wamkulu asamakhale yekha ndi mwana kuseri, ku kalasi kuzikhala akulu osachepera awiri nthawi zonse, chitseko chotsegula, ndipo kukhala ndi agogo pa benchi kuzichitika poyera kholo litavomera.

Lamlungu loyamba linali chipwirikiti, ndisaname. Khanda lina linalira ulaliki wonse, mnyamata wina anagwetsa mbale ya chopereka ndalama zachitsulo kumwazika mpaka kuguwa, ndipo abusa omwe analonjeza kufupikitsa anafupikitsadi ndi mphindi mwina zitatu. Panja pake ndinamva ndemanga zokwanira mwezi wonse. Ndinangodzitonthoza ndi Marko 10, pomwe ophunzira ankathamangitsa anthu obwera ndi ana ndipo Yesu anakwiya nawo, kusonyeza kuti ngakhale anthu oyandikira kwambiri kwa Ambuye amaona ana ngati chosokoneza pulogalamu. Mwezi wachitatu phokoso linachepa lokha, osati chifukwa tinakalipira aliyense koma ana anayamba kudziwa kuti pano timaima, apa timatseka maso. Tinawapatsanso tintchito, wina kuwerenga Salimo, ena kugawa mabuku a nyimbo pakhomo, ndipo apa mpomwe mayina anayamba kudziwika chifukwa sungalandire buku kwa mwana masabata anayi osamufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani.

Za kubweretsa achikulire ku kalasi zinayenda mosiyanasiyana. Ena amafika nkuyamba kulalikira ngati ali paguwa, ana nkuyamba kutsinana. Ndinaphunzira kuwauza kuti agogo, musaphunzitse, phunziro ndili nalo ine, inu mungowauza za tsiku limodzi lomwe munachita mantha nkupemphera. Funso limenelo limatsegula anthu modabwitsa. Agogo ena aamuna omwe ndinkawaona ngati aukali anafotokoza mmene mwana wawo woyamba anadwalira usiku, iwo nkupemphera mpaka mbandakucha, mwanayo nkumwalirabe. Ine thukuta linayamba kutuluka, ndimaganiza kuti iyi si nkhani ya ana, ndiidule bwanji. Mnyamata wina wovuta kwambiri m'kalasi mwanga, yemwe sakhala pansi mphindi ziwiri, anafunsa kuti nanga agogo munasiya kupemphera? Iwo anati ndinasiya miyezi ingapo, ndinamukwiyira Mulungu, kenako ndinabwerera chifukwa ndinalibe kwina kopita ndi mkwiyowo. M'buku langa la aphunzitsi mulibe yankho ngati limenelo, ndipo ine sindikanalimba mtima kulinena, ndilibenso zaka zondiyenereza kulinena.

Sikuti zonse zakonzeka. Mabanja awiri amajomba dala Lamlungu la ana, akulu ena akufunabe kuti tibwerere ku zakale ndipo nkhaniyi ibweranso ku komiti mwezi wa mawa, mwina tidzagonja. Achinyamata omwe anachoka kale sanabwerere chifukwa cha zimenezi, ndipo sindikudziwa ngati ana a kalasi yanga ya pano adzakhalebe akadzafika zaka 16. Chomwe ndaona ndi chaching'ono, mnyamata wovuta uja tsopano akalowa m'tchalitchi amayamba wayang'ana komwe akhala agogo aja, ndipo sabata ina atajomba iwo anandiimitsa pakhomo kundifunsa kuti mnzanga uja ali kuti lero, akudwala?

Lamlungu likubwerali ndi nthawi yawonso yobwera ku kalasi, ana ndi amene anawapempha. Ulendo watha anatenga mphindi 40, makolo akudikira panja mpaka mayi wina kugogoda pawindo. Ndawaimbira foni dzulo kuwachonderera kuti agogo, ulendo uno mphindi 10 zokha chonde. Anaseka nkuti mwananga, mphindi 10 ndikhala ndikadapereka moni. Tagwirizana 20, ndipo ndawauziratu makolo kuti abwere mochedwerapo.